Mfuti Ziwiri za ku Bama

Pali anthu oweta nkhunda, pali oweta mbira, ndiye panali Fasitoni Kalilangwe wa ku Malomo, m'boma la Ntchisi, amene ankaweta mfuti. Sekani panopa ngati mukufuna, chifukwa kumene tikupitako kulibe choseketsa. Munthuyu anagwira ntchito yokonza mfuti kupolisi zaka makumi atatu, ndipo atapuma anabwerera kumudzi ndi nthenda imodzi yosamva mankhwala. Akangomva kuti kwinakwake kuli mfuti yakale ya asilikali, mtima wake sunkakhala m'malo mpaka akaione ndi maso.

Anali nazo khumi ndi imodzi, zonse za mtundu uja akuluakulu amati firinotifiri, iliyonse ndi mapepala ake a boma, koma chipolopolo m'nyumbamo munalibe ngakhale chimodzi. Fasitoni sankafuna kuwomba. Chake chinali kuyang'ana basi. Ankadzitsekera m'kachipinda kake, n'kugoneka mfuti patebulo, tochi dzanja ili, galasi lokuza zinthu dzanja ilo, n'kumawerenga zipsera za pathabwa ngati mphunzitsi wochonga mayeso. Apa inagunda mwala, apa msilikali ankagwira ndi dzanja lathukuta, apa chiswe chinalawa n'kuleka. Lamulo lake linali limodzi: mfuti yakale saipala, saipaka vanishi, saisintha kanthu. Mkazi wake, Nankhoma, tsiku lina anatsuka imodzi ndi phulusa kuti iwale, ndipo awiriwo anatha masiku atatu osalankhulana.

Mfuti zamtunduwu zili ndi chitsulo chimene asilikali amati bawuti, chija umachikokera m'mbuyo n'kuchikankhanso kutsogolo kuti chipolopolo chilowe. Kufakitale ankadinda nambala imodzi pathupi la mfuti ndi pa bawuti wake, kuti ziwirizi zisasiyane. Mfuti khumi za Fasitoni manambala ake ankagwirizana. Imodzi yokha ndiyo inkamudya mumtima, ndipo inali ya bambo ake omubereka. Pathupi panali 4417, pa bawuti panali 9082.

Bambo akewo, a Yotamu, anamenya nkhondo yachiwiri ku Bama ali msilikali wa gulu lankhondo la Keyala. Atabwerako, boma linawalemba ntchito yothamangitsa njovu m'minda, n'kuwasiyira mfuti yomweyo anabwera nayo. Pa nthawi ya nkhani yathuyi anali nkhalamba, akazi awo anali atamwalira, ndipo ankakhala m'kanyumba kuseri kwa nyumba ya mwana wawo. Fasitoni anawafunsa za manambalawo kambirimbiri.

"Ababa, bawuti uyu si wake. Wake weniweni anapita kuti?"

"Kodi imakana kutseka?"

"Imatseka."

"Ndiye ukufuna chiyani? Kandipalire moto wa fodya."

Chaka chija anthu anasankha pakati pa nyali ndi tambala, mwezi wa Okutobala uli pakati, wailesi inalengeza uthenga wa maliro. Zefaniya Kamtedza wa ku Chulu, m'boma la Kasungu, anali atamwalira. A Yotamu anazimitsa wailesi n'kuitana mwana wawo.

"Ameneyo tidali naye ku Bama," anatero. "Miyendo yangayi singafike kumeneko. Pita ukandikhuzire."

Fasitoni anapita. M'mawa mwake ataika maliro, mkazi wa malemu anamuitanira kuseri kwa nyumba, n'kumufunsa ngati iye ndiye mwana wa a Yotamu uja amasunga mfuti. Atavomera, mayiwo anatuma mlongo wawo kuti akatsitse chimtolo chimene chinali kudenga, chokulunga m'chiguduli chakuda bii ndi mwaye.

"Malemu ankati isatsike kudengako, komanso isapite nawo kumanda," anatero mayiwo. "Ana anga amaiopa, inenso ndatopa nayo. Ngati mukuifuna tengani, ndi yanu."

Fasitoni anamasula mbali imodzi, n'kukanda girisi ndi chikhadabo. Pathupi la mfutiyo panali 9082. Anakandanso pa bawuti, ndipo anapeza 4417. Pamaliro sasekerera, choncho analuma mlomo mpaka unatupa, koma mumtima ankavina. Chimene anachisaka zaka makumi atatu chinali chitamupeza chokha.

Anadzera kupolisi n'kulembetsa mfutiyo m'dzina lake, monga ankachitira ndi zina zonse, n'kufika nayo kunyumba Lolemba masana. Anangouza bambo ake za maliro, za mfuti sanatchule. Ankafuna adzawaonetse ntchito itatha, aone ngati nkhalambayo idzanenenso za moto wa fodya. Paja amati safunsa anadya phula, koma uyu anali atafunsa mpaka kutopa, ndiye tisamuweruze kwambiri.

Dzuwa litapendeka, cha m'ma folo koloko, anadzitsekera m'kachipinda kaja. Kunja kunali kutentha kwa Okutobala, nyenje zikulira mogonthetsa m'khutu. Anagoneka mfuti ya Zefaniya pafupi ndi ya bambo ake n'kuyamba kuifufuza mosathamanga. Girisi anali atauma ngati phula. Thabwa linali lakuda ndi utsi, koma lopanda mng'alu. Chisoti cha mfumu chodindidwa pachitsulo chinkaoneka bwinobwino, pamodzi ndi chaka, 1942. Kutsinde, kumene mfuti imatsamira paphewa, kunali kachitseko ka mkuwa, ndipo atakatsegula anapeza kabotolo ka mafuta ndi chingwe chopukutira mpope, zili mmene msilikali anazisiyira. Anasuzumira mumpope ataulozetsa kuwindo, n'kuona mizere yake ikuwala ngati yadzulodzulo.

Kenaka anakumbukira lamulo lake lija losasintha kanthu, koma munthu akafuna chinthu sasowa podzikhululukira. Anadziuza kuti uku si kusintha ayi, ndi kubweza mwana kwa mayi wake. Anasolola mabawuti onse awiri n'kuwasinthanitsa. Woyamba analowa khetche, wachiwiri khetche, mosavuta ngati sanachokemo n'kale lonse.

Nthawi yomweyo nyenje zonse zinangoti zii. Fasitoni anadzutsa mutu. M'chipindamo munali mutalowa fungo la masamba ovunda ndi matope, fungo la m'nkhalango mvula ikagwa masiku ambiri. Anatsegula chitseko n'kuyang'ana kumwamba, koma kunalibe ngakhale kamtambo. Patapita kanthawi nyenje zinayambiranso, iye n'kuseka yekha, n'kunena kuti ndi chiguduli chija.

Lachiwiri m'mawa Nankhoma akusesa pakhonde anaitana mwamuna wake.

"Bambo a Tiyese, tabwerani mudzaone. Ichi n'chiyani?"

Pasimenti youma panali msundu, wonenepa, wamoyo, ukudzikoka pang'onopang'ono kulowera kuchitseko cha kachipinda ka mfuti. Dambo linali litauma kuyambira mwezi wa Ogasiti, ndipo madzi onse a pamudzipo ankachokera pamjigo. Fasitoni anautola ndi kamtengo n'kuuyang'ana ndi galasi lake lija. Unali ndi mzere wachikasu pamsana, ndipo iye, amene anakulira m'madambo a ku Ntchisi, anali asanaonepo msundu wotere. Mkazi wake anauthira mchere, iye akudandaula kuti bwenzi atamusiyira auyang'anitsitse.

Lachitatu Nankhoma anabwera kuchokera kumjigo ndi nkhani. Amayi atatu anakumana ndi munthu wachilendo pamlatho, cha m'ma folo koloko dzulo lake. Anali atavala kabudula ndi jombo, ali chonyowa kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati watuluka mumtsinje, ndipo akamayenda pankamveka zitsulo zikugundana. Anafunsa mwaulemu kuti kwa Dzinkambani ndi kuti. Amayiwo anati dzinalo sakulidziwa, iye n'kuthokoza.

"Anali wooneka bwanji?" anafunsa Fasitoni.

"Ndi pamene pakudabwitsa. Aliyense akuti ankafuna amuyang'ane kumaso, koma anaiwala."

"Anthu atatu n'kuiwala onse?"

"Inu kafunseni nokha. Ine ndangonena zimene ndamva."

Anakafunsadi, chifukwa Fasitoni nkhani yotere sakanailekera panjira. Mmodzi anati anali wamtali, wina anati wamfupi, wachitatu anangoti mawu ake anali a munthu wamng'ono ndithu. Pamlathopo fumbi linali litaundana malo amodzi, ngati pamene munthu wakhuthulira ndowa.

Lachinayi mwini golosale, imene ili pafupi kuposa mlatho, anati dzulo lake munthu yemweyo anaima pakhonde lake osagula kanthu, n'kufunsa dzina lomwelo. Tsiku lomwelo galu wa Fasitoni anasamukira kwa aneba, ndipo ngakhale anamuitana ndi fupa sanabwere. M'kachipinda ka mfuti, pamsomali pamene ankapachika botolo lachitsulo la madzi limene bambo ake anabwera nalo kunkhondo, panatsala msomali wokha. Chitseko chinali chokhoma, kiyi ali m'thumba mwake. Fasitoni anaima pamenepo akuyang'ana msomaliwo. Mantha anali nawo, tisamunamizire kulimba mtima, koma kufuna kudziwa kunali kwakukulu kuposa manthawo.

Lachisanu chakumasana a Yotamu anali pakhonde pa nyumba yaikulu, akusuta kaliwo wawo, pamene Nankhoma ankauza mwamuna wake kuti mlendo uja anamuonanso dzulo, ulendo uno ataima pankhokwe ya aneba.

"Akuti akufunabe Dzinkambani yemweyo," anatero.

Kaliwo anagwa pansi. Nkhalambayo sinawerame kuti itole. Inakweza mphuno n'kununkhiza mpweya kawiri.

"Dzinkambani ndine," anatero a Yotamu. "Ndi dzina langa la paubwana, ndisanabatizidwe. Onse olidziwa adatha. Ndakhala ndikumva fungoli kuyambira Lolemba, ndimati ndi ukalamba. Fasitoni, wachita chiyani ndi mfuti yanga?"

Fasitoni anakatenga mfuti zonse ziwiri n'kuziika pamphasa patsogolo pawo. Anawaonetsa manambala, apa ndi apa, apa ndi apa, mawu ake akucheperachepera chifukwa nkhope ya bambo ake sinali ya munthu wolandira mphatso. Atamaliza, nkhalambayo inauza mpongozi wake kuti akhale pansi nayenso amve.

"Tidapita atatu kuchokera dera limodzi," anayamba a Yotamu. "Ine, Zefaniya, ndi Lufeyo, amene adali wamng'ono pa tonse. Mayi ake adatigwira manja pokwera galimoto, amvekere mundisungire mwanayu. Ku Bama mvula idagwa masiku anayi osakata. Tsiku lachinayi Lufeyo adamutuma kumtsinje ndi mabotolo athu kuti akatunge madzi, ine ndi Zefaniya tili pa ulonda. Nthawi idali ngati folo koloko, koma m'nsungwi mudali mdima. Mwanayo adasokera, n'kutulukira mbali imene tinkayembekezera adani. Tidangoona nsungwi zikugwedezeka. Tidawomba tonse awiri nthawi imodzi, mfuti ziwiri kumveka ngati imodzi."

Anapukuta pakamwa.

"Bala lidali limodzi. Wina adaphonya, wina adalasa, koma ndani sitidadziwe. Mzungu wotilamulira adalemba kuti waphedwa ndi adani, ife tidakhala chete. Kudali msilikali wina wachikulire wa udindo wa kopolo, wa ku Dedza, ndiye adatiitanira pambali. Adati magazi a mdani amachoka ndi mankhwala, koma a m'bale ndi chirope, amalondola chida chimene chidawakhetsa, ndipo akachipeza amatenga mwini wake. Adati sinthanani mabawuti, kuti akabwera kudzanunkhiza apeze mfuti yatheka, asadziwe. Mukafika kwanu mukakhale motalikirana. N'chifukwa chake Zefaniya adakakwatira ku Kasungu. Chaka ndi chaka, mvula ikayandikira, Lufeyo amabwera. Amanunkhiza kuno, osamvetsa, n'kupita ku Chulu, osamvetsanso. Zaka pafupifupi makumi asanu wakhala akuyenda pakati pa Ntchisi ndi Kasungu. Lero wamuikira zonse pamphasa imodzi."

Fasitoni anagwada pamphasa. Anagwira mfuti ya bambo ake kuti asolole bawuti, koma bawutiyo anakana. Anayesa ya Zefaniya, chimodzimodzi. Anathamangira mafuta, anagogoda ndi chikhatho, anafika potenga hamala, munthu amene sankalola ngakhale phulusa kukhudza mfuti zake. Zaka makumi atatu za ntchito sizinamuthandize kanthu. Thukuta lili kamukamu, anayamba kunena zokaziponya mumtsinje wa Bua, zokaitana akulu ampingo, zonyamula bambo ake panjinga kupita nawo ku Ntchisi boma.

"Ika hamalayo pansi," anatero bambo ake. "Mlandu suwola. Dzana adali pagolosale, dzulo pankhokwe, lero afika. Ukandithawitsa andipeza panjira, ndipo munthu wamsinkhu wanga safera panjira ngati galu."

"Ababa, mukadandiuza."

"Ndikadakuuza kuti chiyani? Kuti bambo ako mwina adapha mwana amene adapatsidwa kuti amusunge? Ngakhale mayi ako adapita osadziwa. Ankangodabwa kuti bwanji mwamuna wopita kutchalitchi sabata ndi sabata sadya mgonero." Anatola kaliwo uja n'kumuyang'ana. "Ndikuuze zoona, mwana wanga. Mantha ndili nawo, koma inenso ndikufuna kudziwa. Nthenda yakoyi sudaitole pamsewu."

Fasitoni anachita manyazi kwambiri, chifukwa pansi pa mantha onsewo, moyo wa bambo ake uli pachiswe, nayenso ankafuna kudziwa kuti inali mfuti iti.

Dzuwa litayamba kupendeka, a Yotamu analamula kuti mfutizo zikhale pamphasa pakhonde pomwepo, motalikirana pang'ono, ndipo onse akhale moyang'ana kukhoma. Anati zivute zitani wina asacheuke. Anauza mpongozi wawo kuti apite kwa aneba, koma Nankhoma anakana.

"Pakhomo pano ndi panga, apongozi. Mlendo akabwera ndisamuthawe," anatero, n'kudzifunda chitenje kumutu.

Anadikira. Tambala wa kutali analira, mwana wina anadutsa kumsewu akuimba. Kenaka nyenje zinasiya, ndipo fungo lija linafika, lamphamvu kuposa kale. Kuchokera kumtengo wa mango wa pabwalo kunamveka mapazi, jombo zodzaza madzi, zikubwera mosafulumira, mabotolo achitsulo akugundana ngwe, ngwe. Zinakwera sitepe ya khonde. Madzi ankadontha pasimenti kumbuyo kwawo, pafupi kwambiri moti dontho limodzi linathovukira pachidendene cha Fasitoni, lozizira ngati la m'chitsime.

Mphasa inalira, ngati munthu wagwada. Bawuti amene anakana hamala anatseguka khetche, mofewa. Panamveka kupuma, kukoka mpweya kwautali ndi mphuno. Fasitoni anayang'ana bambo ake chammbali, n'kuona milomo yawo ikuyenda popanda mawu. Khosi lake linkafuna kutembenuka lokha, ndipo analigwira ndi manja. Bawuti uja anatsekedwa.

Wachiwiri anatseguka. Kupuma kuja kunamvekanso, kamodzi, kawiri, kenaka kunasanduka kamawu kakang'ono ngati ka munthu amene wapeza chinthu chimene anataya kalekale. Bawuti ameneyu sanatsekedwe. Mapazi anatsika sitepe, n'kuyenda mpaka pamtengo wa mango, n'kuima.

"Tiyeni tione," anatero a Yotamu.

Mfuti imodzi inali youma, yotseka. Inayo inali yotsegula, madzi amatope akutuluka kumpope n'kumayenderera pamphasa. Maso a nkhalamba sankaona manambala, choncho anagwira mkono wa mwana wawo.

"Werenga. Yonyowayo ndi iti?"

Fasitoni anawerama. "9082, ababa. Ndi ya a Zefaniya."

"Werenganso."

Anawerenganso. A Yotamu anayamba kuseka, kuseka kwake kosakanikirana ndi misozi, akumenya bondo ndi chikhatho.

"Ndidaphonya," anatero. "Amati ndinali katswiri, njovu ndinkagwetsa ndi chipolopolo chimodzi, koma tsiku limenelo ndidaphonya. Mpongozi, wamva? Sindine. Lamulungu likubwerali ndikadya mgonero, ndikakhala kutsogolo kwenikweni."

Fasitoni anagwira bambo ake mapewa mwachimwemwe. Sanawaonepo akuseka chotero chibadwire. Anayamba kuganiza kuti mwina kulakwa kwake kwabala zabwino, ndipo mwina akanatha kudzitama nako, koma Nankhoma, amene ankayang'ana kubwalo, analankhula motsitsa mawu.

"Nanga bwanji sakuchoka?"

Nyenje zinali zikadali chete. Pansi pa mango, pamene panalibe munthu wooneka, fumbi linkada pang'onopang'ono, chonyowacho chikukula ngati pansi pa chovala choyanika.

"Akudikira mwini mfuti," anatero a Yotamu, kuseka kutatha.

"Mwini wake tinamuika m'manda sabata yatha," anatero Fasitoni. "Apite ku Chulu."

Bambo ake anatembenukira kwa iye. "Mfutiyi udachita kubwereka, kapena adakupatsa?"

"Anandipatsa."

"Udavomera?"

"Ndinavomera. Ndinailembetsa kale."

Fasitoni anamva malaya ake akumata kumsana, ndipo silinali thukuta, chifukwa ankazizira. Atayang'ana pansi anaona msundu wa mzere wachikasu utamuluma pakakolo. Nankhoma anauona nayenso, n'kugwira pakamwa.

"Choipa chitsata mwini," anatero a Yotamu. "Iye sadziwa za maliro a ku Chulu. Adziwa mfuti, ndi amene akuti ndi yanga." Anadzuka movutikira, atagwira khoma, n'kukonza kolala ya malaya awo. "Fasitoni, mfuti uli nazo khumi ndi ziwiri, imodzi ndidakupatsa ndine. Iwe sudandipatseko ngakhale imodzi. Ndipatse iyo."

"Iyayi, ababa."

"Ndikupempha mphatso kwa mwana wanga. Undimana?"

"Mwangomva kumene kuti si inu. Mwati Lamulungu mukadya mgonero. Ndalakwa ndine, ndisiyeni ndione chimene akufuna."

"Uli ndi Tiyese kusekondale, uli ndi ang'ono ake awiri, uli ndi mkazi uyu wakana kukuthawa. Ine chimene ndinkadikira ndachimva, ndipo chandikwanira. Komanso mwana uja adapatsidwa kwa ine kuti ndimusunge. Wayenda yekha mokwanira." Mawu awo anasintha, n'kukhala a msilikali. "Nyamula. Undipatse ndi manja awiri, unene ndi pakamwa pako kuti iye amve."

Fasitoni anayang'ana mkazi wake kuti amuthandize kukana, koma Nankhoma anali atagwada, akulira mwakachetechete, maso ali pamsundu uja. Kuzizira kunali kutakwera mpaka m'chifuwa, ndipo kupuma kunayamba kumuvuta ngati munthu amene madzi amufika m'khosi. Akanatha kukanabe. Zimenezi ankazidziwa nthawi imeneyo, ndipo anakhala akuzidziwa moyo wake wonse. Anawerama, ananyamula mfuti yonyowayo, n'kuipereka.

"Ndi yanu, ababa."

"Ndalandira. Ndi yanga."

Msundu uja unagwa wokha. Mpweya unabwerera m'chifuwa mwa Fasitoni, ndipo anadana nawo mpweya umenewo. A Yotamu anatseka bawuti, anakoleka mfutiyo paphewa ndi lamba wake wouma, n'kutsika sitepe popanda ndodo. Atafika pamango anaima, n'kulankhula ndi mawu amene munthu amalankhulira mng'ono wake.

"Lufeyo, ndine Dzinkambani. Wanyowatu, mphwanga. Bweretsa mabotolo ena ndikunyamulireko."

Anatambasula dzanja, ndipo awiri a pakhonde aja anaona phewa la nkhalambayo likutsika pang'ono, ngati lalandira katundu. Kenaka a Yotamu analowa njira ya kudambo, akuyenda chakumbali kuti asiye malo, akucheza motsitsa mawu. Fasitoni anafuna kuwatsatira, koma miyendo inakana mpaka nyenje zitayambiranso kulira, ndipo pamene ankafika kunjirako kunalibe munthu.

Mudzi wonse unasaka mpaka kunada. Anawapeza m'mawa mwake m'dambo louma lija, atakhala motsamira chulu, miyendo atatambasula, zovala zili chonyowa ngati agona pamvula. Nkhope yawo inali ya munthu amene wamva nkhani yabwino. Mfuti ija sinapezeke, ndipo mlendo wonyowa sanaonekenso pamlatho, chaka chimenecho kapena china chilichonse.

Pamaliro anthu ankanena kuti ndi ukalamba, kuti nkhalamba zimasokera, kuti dzuwa la Okutobala si lamasewera. Mkulu wampingo, pofuna kulemba mbiri ya malemu, anakhala pafupi ndi Fasitoni n'kumufunsa kuti kwenikweni chinachitika n'chiyani. Fasitoni anayang'ana zikhatho zake.

"Anandipempha," anatero, "ndipo ndinawapatsa."